Phulusa la Serapio

Villatordos, 2 Novembala 1936

Obdulia mwana wanga,

Ndayamba ndi kukupatsa moni. Ife kuno tili bwino, kaya iwe ku Alicante uko. Ine chondivuta ndi maondo basi, ndi mlongo wakoyu Nicomedes, amene akulemba kalatayi chifukwa maso anga anatha kalekale. Ndamuuza kuti alembe zokhazo zotuluka pakamwa panga, osawonjezera zake. (Achemwali, ndiwonjezera. Nico.)

Tikumva kuti ndege zayamba kuponya mabomba m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja. Zoona zimenezi? Ngati zili choncho, tseka chinyumba chako chosungira zakalecho ubwere kwanu. Munthu ungafere miphika yosweka ndi mapepala odyedwa ndi njenjete? Malemu abambo ako anagulitsa munda wa azitona kuti uphunzire, ine n'kumati ndabala dokotala, osadziwa kuti ndabala wofukula manda a eni. Anzako a msinkhu wako ali ndi ana atatuatatu, iwe zaka makumi atatu ndi zinayi ukadali kupukuta mafupa a anthu osawadziwa. Anthu akandifunsa ndimangoti uli m'boma.

Chiyambire nkhondo ya pachiweniweniyi, tchalitchi anatseka, ansembe anathawa, ndipo mudzi ukulamulidwa ndi komiti. Wamkulu wake ndi Eleuterio. Inde, yemwe uja wometa tsitsi. Masiku ano akuyenda ndi mfuti yopanda chipolopolo, anthu n'kumameta okha.

Nkhani yeniyeni ndi sopo. Kuno wasowa kotheratu. Nsalu zoyala pabedi zada bii, ndipo malaya a mlongo wakoyu akhoza kuima okha popanda munthu. Tumiza chochapira chilichonse chimene ungapeze m'tauni umo.

Ndine mayi wako,
Gumersinda


Alicante, 9 Novembala 1936

Amayi okondedwa,

Moni wanu ndalandira. Maondo akupeza bwanji? Nico, moni, ndipo chapa wekha malayawo, manja uli nawo.

Za mabomba n'zoona. Lachinayi anagwetsa kudoko, magalasi a nyumba yathu yosungira zakale n'kusweka onse. Kubwera sindingabwere. Tatsala anthu atatu, ndipo tsiku ndi tsiku tikuthamanga m'matchalitchi ndi ngolo, kulanda mabuku akale m'manja mwa anthu ofuna kuwothera moto. Sopo kunonso kulibe, pepani.

Tsono mvetserani bwino, iwe Nico uwerenge kawiri. Mawa ndikupatsira Baldomero wa lole ya malalanje bokosi la matabwa kuti akusiyireni. MUSALITSEGULE. Muli mtsuko wadothi wa mizere yofiira, nambala 412 m'kaundula wathu. Ndinaufukula ndi manja angawa zaka zitatu zapitazo, ndipo m'chigawo chonse chino mulibe wina wathunthu ngati umenewu. Phulusa lili m'katimo ndi munthu, Amayi. Anthu akale a dziko lino ankawotcha akufa awo n'kuika phulusa mumtsuko. Ameneyu anamwalira zaka zikwi ziwiri ndi mazana awiri zapitazo, Aroma akungofika kumene.

Chipinda chathu cha pansi chadzaza, ndiye abwana andilola kuti ndiubise kumudzi. Wasayina ndine, dzina langa. Ukasweka kapena kusowa adzati ndaba chuma cha dziko, ndipo mlandu umenewo masiku ano ndi ndende, kaya apambana ndani. Liikeni bokosilo kuseri kwa migolo ya vinyo, pouma, ndipo musauze munthu. Ndikati munthu ndikuphatikiza anzanu a pachitsime.

Mwana wanu,
Obdulia


Villatordos, 20 Novembala 1936

Obdulia mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Kalata yochokera kwa iwe sitinaione, koma bokosi linafika Loweruka pa 14. Baldomero anangolitula pakhomo n'kuliyatsa liwiro, ati malalanje awola.

Ndiyambe ndi kupepesa. Ndinkati sukulu inakuwononga mutu, koma ndaona kuti magazi anga alimo ndithu. Ine kupempha sopo, iwe kukumbukira mmene tinkachapira kale: zovala pansi mumtsuko, nsalu pamwamba, phulusa losefa pansalupo, kenako madzi owira. Nditatsegula bokosi n'kuona mtsuko ndi phulusa lake lomwe, ndinati uyu ndiye mwana! Phulusa kuno liliko, koma la m'tauni n'lina abale, loyera, losalala ngati ufa. Kungoti amene anakupatsayo sanasefe, munali timafupa tambirimbiri. Kaya ankawotcha mbuzi. Ndatiika m'kapu pawindo, ine sinditaya kanthu.

Ndachapira theka, mumtsuko wathu waukulu uja. Nsalu zayera mbee! Anzanga onse a pachitsime abwera kudzaona, ndipo mkazi wa Eleuterio wapempha masupuni awiri. Ndamukaniza. Ndati aitanitse kwa mwana wake, ngati ali naye wa m'boma.

Koma pa mtsukowu anakupusitsa, mwana wanga. Ndi wakale, ndi wochepa, mizere yake inafwifwa, ndipo ulibe chiboo pansi. Mtsuko wochapira wopanda chiboo, madzi atulukira pati? Zimenezi ku sukulu sanakuphunzitseni? Usadandaule. Nicomedes akabwereka choboolera kwa wosula zitsulo, auboola Loweruka la pa 28 tikatha za kupha nkhumba. Udzakhala wochapira timipango ndi zamkati. Pakhosi pake panali kapepala ka nambala, ndayatsira moto.

Ukapeza phulusa lina lotere tumiza.

Mayi wako,
Gumersinda

(Achemwali, kabudula wanga wamkati sanayerepo chonchi chibadwire. Mulungu akudalitseni, kapena komiti, amene akudalitsa masiku ano. Nico.)


TELEGALAMU
Alicante, 27 Novembala 1936

MUSABOOLE. MUSACHAPIRE. MUSAKHUDZE. KALATA IKUFOTOKOZA. OBDULIA.


Villatordos, 3 Disembala 1936

Achemwali,

Moni. Lero ndikulemba ndekha, Amayi sakulankhula ndi aliyense wamoyo.

Musakomoke, mtsuko uli bwino. Telegalamu inafika Loweruka masana, ine nditakhuthulira kale phulusa m'beseni, mtsuko uli chadodolido patebulo, choboolera chili pamalo, nditapukusa kawiri. Pali kabala kakang'ono ngati kanjere ka mphodza. Amayi atamva mawu anu anati, "Ameneyo wachapapo kangati? Boola." Ine ndinati tidikire kalatayo, komanso kunena zoona dzanja linali litatopa. Ulesi wanga umene mumaunyoza uja ndi umene wapulumutsa chuma cha dziko, mulembe zimenezo m'kaundula wanu.

Kalata yanu ya pa 9 yafika dzana, yotsegula kale, ili ndi zidindo zitatu. Zikuoneka kuti mkulu wa boma wowerenga makalata a eni uja anakhala nayo milungu itatu, kudabwa kuti ndi mwana wamtundu wanji wotumizira mayi ake mtembo pa lole ya malalanje. Ndinawerenga kawiri monga munanenera, tili pakhomo. Koyamba Amayi anati sanamve bwino. Kachiwiri anayang'ana nsalu pachingwe, n'kuyang'ana ine, n'kukuwa.

"Vula!"

"Amayi, pamsewu pano?"

"Vula kabudulayo! Wavala mwana wa eni!"

Ndinavula, achemwali. Mkazi wa wosula zitsulo anaona zonse, ndipo mpaka lero akandiona amatembenukira kukhoma. Nditavalanso buluku ndinati, "Amayi, paja safunsa anadya phula." Anandigenda ndi sefa.

Choipa china ndi ichi. Nkhuku yathu yofiira inakwera pawindo n'kujompha kafupa kamodzi m'kapu. Tsopano siphedwa, mazira ake sadyedwa, ndipo ikalowa m'nyumba Amayi amaipatsa njira.

Nsalu zonse zochapazo azipinda n'kuzitsekera m'bokosi la katundu wa ukwati wanu wosafika uja. Ife tikugona pa matumba. Phulusa lotsala alibwezera mumtsuko ndi supuni, akupepesa pa supuni iliyonse. Mtsukowo uli patebulo lodyera, nyali ya mafuta pambali pake, ife tikudyera pamaondo. Amupatsanso dzina. Mwambo wathu mukuudziwa, munthu amatenga dzina la woyera wa tsiku limene wafika. Anafika pa 14, ndiye ndi Serapio.

Tsono akuti ndikufunseni zitatu. Kwawo n'kuti? Anabatizidwa? Nanga inu munamuchotseranji pamene anamugoneka amake? Funso lomalizalo akuti muyankhe bwinobwino. Akutinso munthu sakhala kuseri kwa migolo ya vinyo ngati chidakwa, iwo amuika m'manda.

Mlongo wanu,
Nico


Alicante, 12 Disembala 1936

Amayi, ndi iwe Nico,

Moni. Kalata ya Nico ndawerenga. Zaka zikwi ziwiri mtsukowo unapirira Aroma, Aluya, zivomezi ndi makasu a alimi. Kwathu wakhala milungu iwiri yokha, theka la mwini wake lapita ndi madzi a kabudula! Ndakwiya, Amayi, ndakwiya zedi, ndipo chikundiwawa n'choti sindikudziwa woti ndimukwiyire.

Nico, yeza kabalako ndi rula unditumizire. Yezanso phulusa lotsala pasikelo. Zonsezi ziyenera kulembedwa pa khadi la mtsukowo. Za nkhuku sindikudziwa kuti ndilemba bwanji.

Mayankho anu ndi awa. Kwawo ndi pachitunda china kum'mwera kuno. Sanabatizidwe, anafa Ambuye Yesu asanabadwe, panalibe womubatiza. Ndinamuchotsa chifukwa pamalopo ankalambula msewu watsopano, akanamuphwanya ndi mapiki. Dzina alibe. Ndi 412.

Za manda iwalani. Ine ndinati chinsinsi. Munaonapo maliro achinsinsi ku Villatordos? Zimitsani nyaliyo, utsi udetsa mizere. Ndikukugwirani mwendo, bwezerani m'bokosi.

Kuno tikudya mphodza m'mawa, mphodza masana. Soseji ya nkhumba ija ikatsala mundikumbukire.

Obdulia


Villatordos, 21 Febuluwale 1937

Obdulia,

Moni. Tili bwino. Makalata ako anayi alipo, sindinayankhe dala chifukwa onse akunena chimodzimodzi. Soseji ndamupatsira Baldomero. Ikafika yaifupi udziwe waluma ndani.

Serapio tinamuika dzulo. Usakwiye, zatha.

Iwe ukuti 412. Munthu amakhala ndi nambala ngati bulu wa boma? Ine ndinamulakwira, ndinamuchapitsa zonyansa za mlongo wako, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndamupatsa malo anga a m'khoma la kumanda loikamo maliro, pambali pa abambo ako. Ine ndikafa mudzaona pondiika, kaya m'galasi kuntchito kwako. Chinsinsi ndinachisunga, ndinangouza anthu anayi. Vuto linali wokumba manda, amene anati popanda pepala la komiti satsegula khoma. Zotsalazo anene mlongo wako, ndiye anazipanga.

Achemwali, ndine tsopano. Ndinapita kwa Eleuterio kukatenga pepalalo. Ndinamupeza kuseri kwa tebulo lalikulu limene anatenga kunyumba ya ansembe, mfuti ili pambali.

"Womwalirayo dzina?"

"Serapio."

"Wa kwa yani?"

"Mlendo. Wa kum'mwera."

"Chamupha n'chiyani?"

Ndinakumbukira kalata yanu ija. Ndinati, "Kaya. Aroma atangofika, iye n'kufa."

Eleuterio anaimirira. "Aroma? A ku Italiya? Omwewa akutiponyera mabombawa?"

"Makolo awo akalekale," ndinatero ine, koma sanamve, anali atamenya kale tebulo.

"Mtembo uli kuti?"

"Mumtsuko. Ndi phulusa."

"Mpaka kumuwotcha! Agalu! Anthu inu mukusunga ngwazi patebulo lodyera osandiuza?"

Ndiye dzulo kunali bandi, mbendera yofiira, sukulu yonse, mudzi wonse. Amuna anayi ananyamula kamtsuko kamodzi pa chitseko, akusinthana mapewa ngati n'kolemera. Eleuterio analankhula ola lathunthu. Anati Serapio ankamudziwa bwino, ankamumeta, anali munthu wosakonda zolankhulalankhula. Amayi ankayenda pambuyo, dzanja m'thumba la epuloni momwe anabisa kolona, milomo ikungogwedera. Akazi analira mpaka wina kukomoka. Ngakhale ine ndinagwetsa msozi, sindinama. Pakhoma alembapo ndi penti kuti MNZATHU SERAPIO, ANAPHEDWA NDI ATALIYANA.

Kabala kaja n'ka mamilimita anayi. Phulusa sindinayeze, Amayi anati munthu sayezedwa pasikelo ya nkhumba.

Ife,
Gumersinda ndi Nico


Alicante, 2 Malichi 1937

Amayi,

Moni. Ndinawerenga, ndinalira, kenako ndinaseka mpaka abwana anabwera ndi madzi m'kapu. Ndinawafotokozera zonse. Iwo anangofunsa ziwiri. M'khomamo n'mouma? Ndinati inde. Amatapo ndi njerwa? Ndinati inde. Anati m'dziko lonse lino mulibe chinthu chakale chobisika bwino ngati chimenechi, poti ochilondera ndi komiti yomwe. Sindikukuthokozani, Amayi. Ndikungonena zimene ananena iwo.

Kuno tsiku lonse n'kusanja matumba a mchenga kuzungulira ziboliboli. Mabuku a ubatizo a matchalitchi makumi awiri ndikugona nawo chipinda chimodzi, ndiye musadandaule kuti ndikukhala ndekha.

Nkhondo ikatha mtsukowo ndidzaufuna, mumve bwino pamenepa. Soseji inafika theka.

Obdulia


Kufupi ndi mtsinje wa Ebro, 19 Ogasiti 1938

Achemwali,

Moni. Ndili moyo, nsabwe nazonso zili bwino. Munamva kuti anatitengera ku usilikali mu Epulo, ngakhale ife a mapazi ophwatalala. Boma likafika potenga ine mudziwe kuti zinthu zathina.

Mukhoza kuseka, ntchito yanga kuno ndi yanu ija. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa n'kukumba maenje. Dzana fosholo yanga inatulutsa timapale ta mizere yofiira, tofanana ndi ta mtsuko wa Serapio. Ndinauza sajeni kuti tiime kaye, tiyeze, tilembe khadi. Anandiyeza ndi nsapato kumbuyo. Koma mukudziwa, ndinatigwira mosamala. Mwandiwononga inu.

Amayi atsala opanda wowalembera ndi kuwawerengera makalata. Muziwalembera zilembo zikuluzikulu, amaona akafuna. Ndinkachoka akupita kumanda Lamlungu lililonse kukauza Serapio miseche ya m'mudzi. Nkhuku ija yanenepa ngati bishopu.

Kuno kukutentha, madzi kulibe, ndege ndiye zosawerengeka. Tumizani fodya ndi masokosi. Makamaka masokosi.

Mlongo wanu,
Nico


Alicante, 8 Meyi 1939

Amayi,

Moni. Ndalemba zilembo zikuluzikulu. Aka n'kachitatu kukulemberani chithere nkhondo, inu osayankha. Muli bwino? Za Nico ndafunsa m'zipatala, m'misasa ya akaidi, ndi kwa onse obwerera kuchokera ku Falansa. Palibe wamuona chidutsire Okutobala. Sindileka kufunsa.

Tsono za mtsuko. Opambana nkhondowa akhazikitsa bwalo lofufuza aliyense amene anagwira ntchito m'boma lakale. Abwana anga anathawa pa sitima yomaliza, ndiye wondichitira umboni palibe. Zonse za m'kaundula zapezeka kupatula 412, ndipo pambali pa nambalayo pali dzina langa. Akuti ndinaugulitsa kunja. Ine! Munthu wodya mphodza zaka zitatu ndikulondera miphika yawo!

Andipatsa mpaka pa 30 mwezi uno kuti mtsuko ndi phulusa lake zikhale patebulo pawo. Zikakanika ntchito yatha, ndipo ndende ya akazi ndimaidutsa m'mawa uliwonse, sikutali. Kutuluka mumzinda andiletsa. Uzani wokumba manda atsegule khoma. Baldomero adutsa kwanuko pa 24.

Mwana wanu,
Obdulia


Villatordos, 14 Meyi 1939

Obdulia,

Moni. Ndalemba ndekha, uwerenge mmene ungathere.

Sinditsegula.

Eleuterio anamutenga asilikali. Ansembe atsopano anabwera, kufuna kumutaya Serapio kunja kwa mpanda, ati ndi wa mbendera yofiira. Ndinapaka laimu pa zilembo zija n'kuwauza kuti ndi msuweni wa malemu amuna anga. Anafunsa ngati anabatizidwa. Ndinati anafulumira kufa, ubatizo ndiwo unachedwa. Ndinakhala pansi pakhomapo masiku awiri mpaka anatopa okha. Ndiye ndikanize ansembe, ndilole iwe?

Mu Disembala kunabwera pepala lonena kuti mlongo wako sakudziwika kumene ali. Basi, mzere umodzi. Anzanga a pachitsime ali ndi pokalira. Ine ndilibe. Ndimapita kwa Serapio n'kunena zonse zimene ndikanamuuza Nicomedes, ndi kumukalipira komwe. Ukandichotsera ameneyu, Lamlungu ndizikaima pati?

Uwauze akuluakulu akowo abwere adzaone okha khoma.

Mayi wako


Alicante, 18 Meyi 1939

Amayi,

Moni. Ndinawauza. Anaseka, ati khoma aliyense akhoza kuloza.

Sindikukakamizani. Ndine ndinamubweretsa pakhomo panu, simunamuitane. Koma ndili ndi mantha, Amayi. Mabomba akugwa sindinakulembereni mawu amenewa, lero ndalemba. Mnzanga wa ku nyumba ya mabuku asilikali anamutenga Lachiwiri atavala nsapato za m'nyumba. Ine bulangeti ndalimanga kale, lili pafupi ndi chitseko.

Obdulia


Villatordos, 24 Meyi 1939

Obdulia mwana wanga,

Moni. Nali bokosi lako, kalatayi ndaiika pamwamba kuti ulendo uno zifikire limodzi. Njerwa ndagumula ndekha ndi nyundo ya abambo ako, wokumba manda ankachedwa ndi mafunso. Mwana mmodzi ananditengera osandifunsa. Wachiwiri sindipereka ndi manja anga.

Koma tamvera. Mtsuko ngwa boma, litenge. Munthuyo si wa boma. Ndamuthira m'chitini cha mabisiketi, chabwino cha maluwa chija, ndi timafupa take tomwe, ndamubwezera m'khoma n'kumatapo. Mumtsukomo ndaikamo phulusa la pamoto wathu, la nthambi za azitona, losefa kawiri. Timafupa ndapempha kwa wopha nyama, ndawotcha ndekha. Ukafuna kuwauza zoona akuluakuluwo, auze, sindikuletsa. Wophunzira ndiwe.

Ndikugumula njerwazo ndinaganiza chinthu chimodzi. Ngati mlongo wako ali pansi penapake paphiri la eni, tsiku lina adzamupeza ndi munthu wa ntchito yakoyi, amene ine ndakhala ndikuinyoza. Ndikupempha Mulungu kuti munthuyo adzakhale wouma mutu ngati iwe, asadzalole mapiki amuphwanye. Ndipo adzakhale ndi mayi ake.

Masula bulangetilo.

Mayi wako,
Gumersinda


Alicante, 31 Meyi 1939

Amayi,

Moni. Sindili m'ndende, ndipo ntchito sanandichotse.

Anali amuna atatu: msilikali wa nyenyezi paphewa, wansembe, ndi mphunzitsi wamkulu wa zakale wochokera ku likulu. Mphunzitsiyo anauzungulira mtsuko katatu, akuyerekeza ndi chithunzi chimene ndinajambula tsiku loufukula. Mizere yonse inagwirizana. Kenako anatapa phulusa pang'ono, kulifikisa ndi zala, kulinunkhiza, n'kutseka maso. Anati, "Abwana, munthu uyu anawotchedwa ndi nkhuni za azitona zokhazokha. Taonani kusalala kwake. Anthu wamba sankawachitira zotere. Iyi ndi mfumu yaikulu." Msilikali uja anavula chipewa. Wansembe anayang'ana kudenga, osadziwa ngati n'zololedwa.

Atatero anandipatsa khadi kuti ndisayine. Panalembedwa kuti mtsuko 412 wabwezedwa pamodzi ndi phulusa la mwini wake. Zaka khumi ndi ziwiri ndili pa ntchitoyi, Amayi, sindinaikepo dzina langa pansi pa bodza, ngakhale la tsiku lolakwika. Cholembera chinandilemera ngati khasu. Ndinasayina.

Mfumu yanu ya azitona aiika m'galasi pakati pa chipinda chachikulu, ndipo anthu akuidutsa akunong'onezana.

Sabata yamawa andilola kutuluka mumzinda. Ndifika Loweruka ndi Baldomero. Lamlungu musatsogole kumanda, mundidikire tipitire limodzi. Inenso ndili ndi zambiri zoti ndimuuze Nico, ndipo ndilibe pokaima.

Mwana wanu,
Obdulia